Kodi wanzeru ndani m'turma yathu? Kuunika njira ya ku America yoika ana amphatso pagulu limodzi

Mwezi wa Juni ndidakhala kumbuyo kwa turma ya kalasi yachinayi pa sukulu ina ya kumudzi m'boma la Angónia. Linali phunziro la masamu, ndipo aphunzitsi adalemba pabolodi masamu 10 ogawa. Pasanathe mphindi zisanu, mnyamata wina wokhala kutsogolo adatseka kope lake n'kuyamba kuyang'ana panja. Atayamba kugwedeza desiki ndi kuseketsa anzake, aphunzitsi adamupatsa pepala kuti azilemba mayina a ochita phokoso. Adagwira ntchito imeneyo mpaka belu lidalira. Pa mphindi 45 za phunzirolo, iye adagwira masamu kwa mphindi zisanu zokha, ndiponso anali masamu oti ankawadziwa kale.

Sindikunena izi kuti ndinyoze aphunzitsiwo. Anali ndi ana oposa 70, ena mwa iwo asanagwire bwino ngakhale kuchotsera. Titakhala pansi phunziro litatha, iwo eni ndiwo adandifunsa funso limene ambiri a inu mwakhala mukutifunsa pa misonkhano ya ZIP: mwana wotere timutani? Tikati adikire anzake, amatopa, amayamba kusokoneza, ena mpaka kujomba. Tikati tithamange naye, ana 60 atsala m'mbuyo.

Funsoli lidandibweza ku buku lina limene ndidaliwerenga ndili ku yunivesite, The Cluster Grouping Handbook, lolembedwa m'Chingerezi ndi Susan Winebrenner ndi Dina Brulles. Lidatuluka ku America mu 2008, ndipo ndi limodzi mwa mabuku odziwika pa nkhani yophunzitsa ana amphatso osawachotsa m'sukulu wamba. Ndikufuna kuliunika nditaima pamene mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri wa ku Tete kapena ku Niassa amaima tsiku ndi tsiku. Ndineneretu mmene ndikulionera. Olembawo vuto adaliona bwino, ndipo ali ndi zida zingapo zimene tingabwereke mawa lomwe. Koma dongosolo lawo lalikulu, titalitenga lathunthu, lingatsegulenso bala limene maphunziro a zilankhulo ziwiri adabwera kudzapoletsa.

Zimene bukuli likuphunzitsa

Pa ana onse a kalasi imodzi pamakhala ochepa amene amamva msanga kuposa msinkhu wawo. Pogawa ma turma, akuluakulu a sukulu amakonda kuwamwaza, awiri uku, mmodzi uko, poganiza kuti turma iliyonse ikhale ndi oitsogolera. Winebrenner ndi Brulles akuti kumwazako ndiko kulakwa. Mwana wotere akakhala yekha, mphunzitsi saona chifukwa chomukonzera ntchito yakeyake, ndipo mwanayo amasowa mnzake wonolerana naye maganizo. Choncho iwo akuti ana amenewa aikidwe pamodzi, kagulu ka ana monga 6, m'turma imodzi wamba, m'manja mwa mphunzitsi amene adaphunzitsidwa kawathandizidwe kake.

Kuti zimenezi zitheke, chaka chisanayambe ana onse a kalasiyo amaikidwa m'magulu asanu: amphatso, okhoza bwino koma osafika pa amphatsowo, apakatikati, ofookerapo, ndi otsalira kwambiri. Turma yolandira gulu loyamba silandira gulu lachisanu, kuti mphunzitsi asang'ambike pakati pa wothamanga kwambiri ndi wotsalira kwambiri. Silandiranso gulu lachiwiri. Okhoza bwinowo amagawidwa ku ma turma enawo kuti akawalire kumeneko, popanda wowaphimba. Chitsanzo cha olembawo ndi kalasi ya ma turma angapo, iliyonse ya ana pafupifupi 30.

M'turmamo, mphunzitsi amayamba wayesa ana asanaphunzitse mutu watsopano. Amene aonetsa kuti akuudziwa kale sabwereza, ndipo nthawi imene yapulumukayo amaigwiritsa pa ntchito yozama. Njira imeneyi idatchuka ndi Joseph Renzulli ndi anzake a ku yunivesite ya Connecticut. Kafukufuku wa Sally Reis ndi gulu lake, wa mu 1993, adapeza kuti aphunzitsi ankatha kuchotsera ana otere magawo 40 mpaka 50 pa 100 a ntchito ya m'buku, zotsatira zawo pa mayeso osatsika.

Pamene ndikuvomereza

Bukuli likutikumbutsa chinthu chimene timaiwala: mwana amene wakhoza zonse lero angakhale ndiye waphunzira zochepa kuposa onse. Tikamulembera 20 m'kope timasangalala, osadzifunsa ngati sakadapeza 20 yemweyo phunziro lisanayambe. Sukulu ndi malo oti mwana aliyense atulukemo madzulo akudziwa chimene sankachidziwa m'mawa, ndipo mnyamata wa ku Angónia uja ufulu umenewo ali nawo monga anzake.

Ndikuvomerezanso zimene olembawo akunena pa nkhani yoonjezera ntchito. Mwana akamaliza masamu 10 n'kupatsidwa ena 10 ofanana nawo, sachedwa kuzindikira kuti kufulumira kumabala chilango, ndipo amayamba kuzengereza dala. Ambiri a ife tidachitapo zimenezo tili ana.

Umboni woti kuphunzitsa ana molingana ndi pamene afika kumathandiza suchokera ku America kokha. Kumadzulo kwa Kenya, Esther Duflo, Pascaline Dupas ndi Michael Kremer adatsatira sukulu 121 zimene zidalandira mphunzitsi woonjezera kuti kalasi yoyamba igawidwe pawiri. M'sukulu zina ana adagawidwa mwachisawawa, m'zina adagawidwa potsata mmene adakhozera. Patapita miyezi 18, ana a m'sukulu zogawa potsata makhozedwe adachita bwino kuposa enawo, kuphatikizapo ana a gulu lapansi, chifukwa mphunzitsi wawo ankatha kutsika n'kuwapeza pamene anali. Zotsatirazi zidasindikizidwa mu 2011. Kwa anansi athu a ku Zambia, pulogalamu ya Catch Up, imene idayamba mu 2016, imaikanso ana m'magulu potsata pamene afika pa kuwerenga ndi masamu, osayang'ana kalasi imene ali. Choncho kuika ana m'magulu pakokha si tchimo. Nkhani ili pa magulu otani, osankhidwa ndi muyeso uti, ndiponso okhala nthawi yaitali bwanji. Apa ndi pamene ine ndi bukuli tikusiyana njira.

Sukulu ya turma imodzi

Dongosolo lonse la magulu asanu likufuna kuti kalasi ikhale ndi ma turma angapo osinthanitsa ana. Sukulu zathu zambiri za zilankhulo ziwiri zili kumidzi, ndipo kalasi iliyonse ili ndi turma imodzi. Wamphatso ndi wotsalira kwambiri onse ali m'chipinda chimodzi, kapena pansi pa mtengo umodzi, ndipo palibe kwina kowapititsa. Mphunzitsi wa m'bukuli amasamalira ana 6 pakati pa 30, ali ndi laibulale ndi makompyuta kotumizako amene amaliza. Mphunzitsi wathu ali ndi ana 60 kapena 70, ndipo mabuku a Chinyanja amafika ochepa, nthawi zina osafika n'komwe.

Kumene kuli ma turma awiri, kawirikawiri imodzi ndi ya Chipwitikizi chokha, inayo ya zilankhulo ziwiri. M'sukulu zina zimene ndayendera, ana a anthu olembedwa ntchito amapezeka kale ku turma ya Chipwitikizi, ana a alimi ku ya Chinyanja. Tikabweretsa pamenepo lamulo loti amphatso akhale pamodzi, sipafunika kuombeza kuti tidziwe turma imene idzatchedwa ya anzeru. Makolo amene tidawanyengerera zaka zambiri kuti akhulupirire kuphunzira m'Chinyanja adzaona okha kumene ana «anzeru» aikidwa, ndipo adzatifunsa chifukwa chake awo ali kwina.

Muyeso ukakhala chilankhulo

Ndibwerere ku turma ya Juni ija. Ndidapempha aphunzitsi kuti anditchulire ana amene amawaona kuti ndi akuthwa mutu. Adatchula atatu, mnyamata uja ndi ena awiri. Onse atatu kwawo amalankhulako Chipwitikizi. Koma poyendayenda pakati pa madesiki ndidali nditaona kope la mtsikana wina wakumbuyo. Mayankho ake ambiri anali olondola, koma sadaonetse njira imene idalembedwa pabolodi, ndipo pa chifukwa chimenecho adachongedwa kuti walakwa. Aphunzitsi atamufunsa m'Chipwitikizi kuti afotokoze, adangowerama. Pa nthawi yopuma ndidamufunsa m'Chinyanja mmene adapezera 84 kugawa kwa 4. Adati, «Ndagawa pakati ndapeza 42, ndagawanso pakati ndapeza 21.» Ndidamupatsa 96 kugawa kwa 8. Adagawa pakati katatu: 48, 24, 12. Ndidafuna kumutchera msampha ndi 90 kugawa kwa 6, poti 6 safikika pogawa pakati pokhapokha. Adakhala chete pang'ono, kenako adati, «Pakati ndi 45. Ndiye 45 kwa anthu atatu, aliyense 15.» Mwana ameneyu adaona yekha kuti 6 ndi 2 kuchulukitsa ndi 3, ndi kuti angagawe motsatizana. Palibe adamuphunzitsa zimenezo pabolodi. Loweruka amathandiza mayi ake kugulitsa tomato pamsika.

Tikadagawa turma imeneyo m'magulu asanu, mtsikanayu akadagwera lachinayi. Chimene chikadamugwetsa si masamu. Kalembera wa 2017 adaonetsa kuti anthu pafupifupi 17 okha pa 100 m'Mozambique muno ndiwo Chipwitikizi chili chilankhulo chawo choyamba, ndipo kumidzi ndi ochepa kuposa apo. Mwa dongosolo limene tidayamba nalo mu 2003, ana amaphunzira m'chilankhulo chawo makalasi atatu oyamba, ndipo Chipwitikizi chimayamba kutenga malo m'kalasi yachinayi. Jim Cummins adaonetsa kalekale kuti mwana angathe kucheza m'chilankhulo chatsopano pa zaka ziwiri, koma kuti afike poganiza ndi kufotokoza nacho zamaphunziro pamafunika zaka 5 mpaka 7. Ndiye kuti pa msinkhu umene tingafune kusankha amphatso, mayeso a m'Chipwitikizi amayeza kwambiri chilankhulo cha kunyumba kwa mwana kuposa mutu wake.

Tisaiwale kumene tidachokera. PEBIMO, ntchito yoyesera imene INDE idayendetsa kuyambira 1993 mpaka 1997, m'Chinyanja ku Tete ndi m'Chichangana ku Gaza, idaonetsa ana akulankhula, akufunsa ndi kuyankha m'kalasi, zimene zinali zosowa m'ma turma a Chipwitikizi chokha. Phunziro lake lalikulu linali loti mwana wachete si mwana wopanda nzeru. Dongosolo lililonse losankha amphatso limene lingatibwezere ku chizolowezi choyesa mutu wa mwana ndi lilime lake lachilendo likufafaniza phunziro limenelo.

Kunena zoona, olemba bukuli vutoli akulidziwa, poti ku America nako kuli ana ophunzira m'Chingerezi chimene si cha kwawo. Amalimbikitsa mayeso opanda mawu, a zithunzi ndi maonekedwe a zinthu. Pali umboni woti mayeso otere amathandiza. David Card ndi Laura Giuliano adafotokoza mu 2016 za dera lina lalikulu la sukulu ku Florida limene lidasiya kudalira kuti aphunzitsi ndi makolo ndiwo azitchula ana, n'kuyamba kuyesa mwana aliyense wa kalasi yachiwiri. Chiwerengero cha ana akuda, a mabanja olankhula Chisipanishi ndi a mabanja osauka opezeka kuti ndi amphatso chidakwera kwambiri. Phunziro lake kwa ife ndi lowawa: diso la mphunzitsi, ngakhale wa mtima wabwino, limaphonya ana ena.

Koma mayeso opanda mawu nawonso ali ndi kwawo. Mu 1979 Robert Serpell adasindikiza kafukufuku woyerekeza ana a ku Lusaka ndi a ku Manchester. Onse adapemphedwa kukopera maonekedwe omwewo. Pojambula ndi pensulo papepala, ana a ku England adapambana. Popinda waya, ana a ku Zambia, amene amakula akupanga magalimoto a waya, ndiwo adapambana. Poumba, panalibe kusiyana. Luso linali limodzi, chimene chidasintha ndi chida chimene mwana adazolowera. Mayeso a zithunzi papepala tikawabweretsa ku Tsangano kapena ku Lago, adzakondera mwana amene kwawo kuli mapepala.

Nzeru ndi kuchenjera

Serpell yemweyo adagwira ntchito zaka zambiri pakati pa Achewa a m'boma la Katete, kutsidya kwa malire athu, ndipo adalemba zimene adapeza m'buku la The Significance of Schooling la mu 1993. Adafunsa akuluakulu a m'midzi kuti pa ana awo angasankhe uti pa ntchito zina zofuna kuganiza, ndiponso chifukwa chake. Adapeza kuti mawu oti nzeru kwa iwo amanyamula zinthu ziwiri: kuchenjera, ndiko kufulumira kwa mutu, ndi kutumikira, ndiko kukhala mwana wodalirika amene ungamutume akachita zoyenera. Ife olankhula chilankhulochi sitikufunika kafukufuku kuti tidziwe kuti kunena munthu kuti ndi wochenjera si kumuyamikira nthawi zonse. Kalulu wa m'nthano ndi wochenjera, koma palibe kholo limene lingamusiyire nkhokwe.

Izi zikukhudza mfundo ina ya Winebrenner, yoti ana amphatso asamasandutsidwe aphunzitsi a anzawo, poti adabwera kudzaphunzira. Mbali ina ndikugwirizana naye. Mwana amene tsiku lililonse ntchito yake ndi kubwereza kwa anzake zimene aphunzitsi anena kale, kapena kulemba mayina a aphokoso, tikumudyera masuku pamutu. Koma makolo a ana athu sangamutche wanzeru mwana amene amamaliza zake n'kukhala pakona ndi anzake 5 osankhidwa, oyandikana naye akuvutika. Kwathu kuthandiza mnzako ndi gawo la nzeru yeniyeniyo. Ndiponso m'turma ya zilankhulo ziwiri kufotokozera mnzako si ntchito yopepuka. Mwana amene wamva lamulo la masamu m'Chipwitikizi n'kulimasulira m'Chinyanja kuti mnzake amve wagwira ntchito yaikulu ya ubongo. Guadalupe Valdés adalemba buku lathunthu mu 2003 lonena kuti ana omasulirira makolo awo ku America akuonetsa mphatso imene mayeso wamba saiona. Ife ana otere tili nawo m'turma iliyonse. Choncho kuthandiza anzake kukhalepo, koma kukhale ndi malire, ndipo kusalowe m'malo mwa ntchito yatsopano ya mwanayo.

Dzina likamatirira

Bukuli limaika mwana m'gulu kwa chaka chathunthu, ndipo amene watchedwa wamphatso dzinalo amayenda nalo. Maganizo amenewa ali ndi mizu yake ku America, kumene lipoti la Marland la mu 1972 lidati ana otere ndi osachepera 3 mpaka 5 pa 100. Komatu Renzulli mwini, mu 1978, adati mphatso imaoneka pamene zinthu zitatu zakumana: luso loposa lapakatikati, khama pa ntchito, ndi kutulukira njira zatsopano. Zitatuzi zimakumana mwa mwana nthawi zina, pa ntchito zina. Wakuthwa pa masamu angakhale wapakatikati pa kulemba.

Kwathu kuno pali zifukwa zina zoopera dzina lokhazikika. M'kalasi yachinayi mumapezeka mwana wa zaka 9 ndi wa zaka 13 pa desiki imodzi, ndipo wamkuluyo angaoneke wakuthwa chifukwa cha zaka chabe. Mwana amene mwezi wa Febuluwale amabwera osadya, kapena amajomba nthawi yokolola, angaoneke wofooka, n'kudzadabwitsa onse mwezi wa Ogasiti. Kafukufuku wa ku Kenya uja ali ndi chenjezo limene ambiri amalidumpha: aphunzitsi a boma opatsidwa gulu lapansi ankapezeka m'kalasi akuphunzitsa kocheperako poyerekeza ndi opatsidwa gulu lapamwamba. Tikatcha gulu kuti ndi lofooka, akuluakulufe timayamba kufooka nalo. Tikumbukirenso kuti sukulu za ku Kenyazo zidalandira mphunzitsi woonjezera, chinthu chimene ife sitikulonjezedwa.

Zimene tingayese

Ndikupempha kuti tisiye magulu asanuwo ndi dzina loti amphatso, koma titenge zida zitatu.

Chida choyamba ndi cha Winebrenner mwini, cha m'buku lake lakale la mu 1992: kuyamba ndi zovuta. Mukalemba masamu 12 pabolodi, ikani kanyenyezi pa 5 ovuta kwambiri, ndipo nenani kwa turma yonse kuti amene akufuna ayambe ndi amenewo. Wokhoza 4 mwa 5 sachita otsalawo, amapita ku ntchito ina. Ubwino wake kwa ife ndi woti simusankha inu. Khomo ndi lotseguka kwa mwana aliyense tsiku lililonse, ndipo gulu la lero silikhala la mawa. Woyamba kukhoza angathandize kuchonga otsatira, koma tsiku limenelo lokha. Landirani njira iliyonse yolondola, ndipo mwana aloledwe kuifotokoza m'Chinyanja.

Chida chachiwiri ndi ntchito yozama yosafuna buku. Isakhale ya kalasi yakutsogolo, ikhale ya mutu womwewo koma yofuna kuganiza. Mwachitsanzo: pali njira zingati zolipirira meticais 10 ndi ndalama zachitsulo za 1, 2, 5 ndi 10? Yankho ndi njira 11, koma funso lenileni ndi lachiwiri: wadziwa bwanji kuti palibe ina yatsala? Mwana amene ayankhe kuti adayamba ndi njira zopanda 5, kenako za 5 mmodzi, kenako za 5 awiri, wayamba kuganiza mwadongosolo. Pa chilankhulo, apatseni mayina 20 awaike m'magulu potsata wanga, langa, changa ndi yanga, apeze okha lamulo lake, ndipo ayerekeze ndi meu ndi minha. Kapena atenge mawu amodzi oti ndakugulirani, awadule m'zidutswa, aone chidutswa chilichonse chikugwira ntchito yanji ndi mawu angati a Chipwitikizi amene akufunika kuti anene zomwezo. Kapena amasulire mwambi woti mutu umodzi susenza denga, kamodzi mawu ndi mawu, kachiwiri tanthauzo lake, n'kukambirana kumasulira kumene kwamveka. Ntchito zoterezi zimatheka chifukwa ana athu ali ndi zilankhulo ziwiri, chuma chimene bukuli silidachiwerengere. Mungazilembe pa timapepala n'kuzisunga m'katoni pakona, ndipo aphunzitsi a ZIP imodzi angagawane: aliyense akonze zisanu, onse akopere.

Chida chachitatu ndi kagulu ka kanthawi. Pamene olembawo akunena zoona ndi poti ana ofulumira amafunika kukumana. Kawiri pa sabata, kwa mphindi 20, amene adutsa pa kanyenyezi tsiku limenelo akhale pamodzi pa ntchito imodzi, inu muli ndi otsalira. Kagulu ka masamu kasakhale kofanana ndi ka kuwerenga, kasapatsidwe dzina, ndipo belu likalira kamwazike.

Pamwamba pa zitatuzi, sungani tsamba limodzi kumapeto kwa kope lanu lolembapo zimene mwaona. Ndani wafunsa funso limene simudaliyembekezere? Ndani wapeza yankho mwa njira yakeyake? Ndani amamasulirira anzake? Ndani pa bawo amawerengeratu mbewu asanaseweze, ndani amapanga galimoto ya waya yokhota mawilo? Pakutha pa mwezi werengani mayinawo. Mukapeza kuti onse ndi anyamata, kapena onse amakhala kutsogolo, kapena onse kwawo amalankhula Chipwitikizi, dziwani kuti diso laphonya, ndipo yang'ananinso. Funsaninso makolo m'Chinyanja funso la Serpell lija, loti pa ntchito yovuta angatume mwana uti.

The Cluster Grouping Handbook ndi buku lolembedwa ndi anthu odziwa kalasi, ndipo likuyankha bwino funso la sukulu za kwawo, zokhala ndi ma turma ambiri ang'onoang'ono, mayeso okonzedwa m'chilankhulo cha ana ambiri, ndi mabuku odzaza mashelefu. Kwa ife likuthandiza pa mnyamata wa kutsogolo uja, amene tonse timamuona chifukwa amagwedeza desiki. Pa mtsikana wakumbuyo likutisiya tokha, ndipo magulu ake asanu akadamutsekera kunja.

Aphunzitsi a ku Angónia aja adavomera kuyesa kanyenyezi pa masamu, ndipo ndidzawayenderanso chaka chisanathe. Inunso amene muyese, bweretsani makope a ana ku msonkhano wa ZIP wotsatira, makamaka a ana amene akudabwitsani. Tidzafuna kumva amene adasankha kuyamba ndi zovuta, chilankhulo chimene adafotokozera njira zawo, ndi zimene zidakanika m'turma ya ana 70, kuti tidzazilembe m'kalata ino ena aphunzirepo.